Ndiyambire Pati pa Nyimbo za Achinyamata a ku Joni?

Funso: Akonzi, ndangofika kumene ku Joni. Ndi oimba ati achinyamata amene ndingayambe kuwamvera? — Wowerenga, Rosettenville

Yankho: Yambani ndi amapiano, chamba chomwe chidabadwira m'makomboni a ku Gauteng konkuno. Kelvin Momo wa ku Soweto amakonza zofatsa, zosakaniza ndi jazz. Tyla, mwana wa mu Johannesburg, adapata mphoto ya Grammy mu 2024.

Chonde musamvere pa sipika ya foni. Mphamvu ya amapiano ili mu log drum, besi yogunda pansi kwambiri, ndipo kasipika kakang'onoko sikangaitulutse, nyimbo imangomveka yozizira. Pezani mahedifoni kapena sipika ya besi.

Pa hip-hop, ife mtima wathu uli pa Blxckie wa ku Durban, amene amasakaniza Chizulu ndi Chingerezi. Oimba ongotuluka kumene muwamva pa wailesi ya YFM, 99.2 FM.