Kulipiritsa njinga ya aulumali pa minibasi: kodi ndi lamulo la khonsolo?

Achemwali, pepani ndi zomwe zawachitikira amayi anu, omwe kondakitala wa minibasi yopita ku Namwera anawalipiritsa mpando wa njinga yawo ya aulumali. Mwafunsa ngati lilipo lamulo la khonsolo lonena kuti munthu woyendera njinga ya aulumali azilipira mipando iwiri, wina wake wina wa njingayo, komanso ngati n'zoona zomwe kondakitala anakuuzani, zoti mtengo wopita ku Namwera wakwera chifukwa cha tollgate ndi msonkho wa khonsolo. Lamulo lotero kulibe. Kondakitalayo anangopezerapo mwayi poti ambirife sitidziwa kuti ndalama za pamsewu amatolera ndani ndipo zimapita kuti.

Tiyambe ndi tollgate, chifukwa apa ndiye anakunamizani masanasana. Kuchoka m'tauni ya Mangochi muno, kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi, kukwera mapiri a Chowe mpaka kukafika ku Namwera, galimoto siidutsa pa tollgate ina iliyonse. Zipata zoyamba zolipiritsa galimoto zinamangidwa pa msewu wa M1, cha Chingeni ku Ntcheu m'chaka cha 2021 ndi cha Kalinyeke ku Dedza mu 2022, ndipo ndalama zake amatolera a Roads Fund Administration, osati khonsolo. Pa Chiponde palipo ndalama yomwe galimoto za mayiko ena zimalipira polowa m'dziko muno, koma minibasi ya kuno sizikuikhudza.

Ndalama ya misewu yomwe minibasi ya ku Namwera imalipiradi ndi ija yobisika mu mtengo wa mafuta. Pa lita iliyonse ya petulo kapena dizilo pali gawo lomwe limapita ku thumba lokonzera misewu, ndipo mtengo wa mafutawo amalengeza ndi a MERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi. Wa kabaza wa njinga yamoto amalipira, wachigayo cha dizilo amalipira, ngakhale msodzi wa boti la injini ku Makanjira amalipira, chonsecho msewu wopita kwawoko tonse tikuudziwa mmene wakhalira zaka zonsezi. Ndiye mafuta akakwera n'zomveka kuti mtengo wa ulendo ukwere. Koma umakwera kwa aliyense wokwera, osati kwa amayi anu okha. Chimodzimodzi tikiti ya khonsolo ya pa depoti: imadulidwa pa galimoto, siiwerengera kuti m'katimo muli ndani kapena wanyamula chiyani.

Mitengo ya minibasi saikhazikitsa a khonsolo, ngakhalenso a Road Traffic. Eni galimoto ndi omwe amaika, ndipo pa siteji pamakhala kunenerera. Ichi n'chifukwa chake munthu amene sangathe kutsika msanga n'kukakwera ina ndi amene amafinyidwa kwambiri. Kondakitala amadziwa kuti mayi yemwe wanyamulidwa kale n'kukhazikidwa pa mpando sanena kuti nditsitseni.

Tsono ku mbali ya ufulu wa anthu aulumali malamulo alipo, ndipo si a dzulo. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa kusala munthu pa zifukwa zosiyanasiyana, ndipo ulumali watchulidwamo. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009. Mu 2012 kunabwera lamulo loona za anthu aulumali, lomwe linanena za kufikira mosavuta nyumba za anthu onse ndi mayendedwe, kenako mu 2024 linalowedwa m'malo ndi latsopano, lomwe linasinthanso bungwe la boma loona za aulumali lija tinkalidziwa kuti MACOHA kukhala MACODA. Kwa ine nkhaniyi ndi yosavuta: njingayo ndi miyendo ya amayi anu, si katundu wa geni. Kuilipiritsa ngati munthu wachiwiri ndi kumulipiritsa munthu chifukwa cha ulumali wake, ndipo kumeneko ndi kusala komwe malamulowa akuletsa.

Chomwe chimavuta n'choti malamulo amenewa safika pa siteji. A Road Traffic popereka COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, amayang'ana mabuleki, matayala, magetsi. Wapolisi wa pamsewu amawerenga ngati anthu akhala atatuatatu kapena anayianayi, amafunsa laisensi ndi inshulansi. Palibe amene amafunsa kuti kodi munthu woyendera ndodo akwera bwanji. Galimoto zakenso ndi zomwezi timazidziwa, ma HiAce ndi ma Caravan ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan, opondera pamwamba, owonjezeredwa mipando mpaka ku buti. Ma Sienta ndi otsikako, kukwera n'kosavutirapo, koma mmene amapanikizira anthu kutsogolo, munthu wa mwendo wosapinda alowa pati?

Apa ndi pomwe khonsolo ikubwera, ndipo ndi pomwe ine ndimaiona kuti ikugona. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu yokonza malamulo awoawo a m'dera mwawo. Depoti, misika, malo oimikapo galimoto ndi kabaza, zimbudzi za anthu onse, mapulani a nyumba zatsopano m'tauni, zonsezi zili m'manja mwawo. Khonsolo siingasinthe kapangidwe ka minibasi, koma ikhoza kunena kuti galimoto iliyonse yonyamula anthu pa depoti yathu isunge mpando wakutsogolo kapena wa pafupi ndi chitseko kwa waulumali, ndipo njinga yopinda, ndodo zoyendera, zisalipiritsidwe. Wokana, asapakire pano. Ikhozanso kulamula kuti mitengo ya maulendo ilembedwe pa chikwangwani. Ichi anthu amachiona ngati chaching'ono, koma taganizani za munthu wosamva: mtengo amangokuwa pakamwa oitanira, iye amapereka ndalama n'kulandira chenji chilichonse chomwe wapatsidwa. Nanga wosaona, yemwe amayenera kudutsa pakati pa ngalande zosavindikira, njinga zamoto zoimikidwa paliponse ndi malonda oyalidwa m'njira ya oyenda pansi? Zimenezo sizifuna nduna ya zamtengatenga kuchokera ku Lilongwe, ndi ntchito ya khonsolo yomwe imatolera ndalama pa malo omwewo tsiku ndi tsiku.

Ndinene chilungamo pang'ono ku mbali ya anyamata a minibasi. Mwini galimoto amawaikira ndalama yoti abweretse madzulo, mafuta agula okha, ndiye mpando uliwonse kwa iwo ndi ndiwo za kunyumba. Njinga zija za matayala atatu zopalasa ndi manja sizipinda, zimadyadi malo, ndipo pamenepo pamafunika kugwirizana kwenikweni kuti zizinyamulidwa bwanji. Koma ya amayi anu mwanena kuti ndi yopinda. Imeneyo imalowa kumbuyo osachotsa munthu pa mpando. Matumba a usipa amawapezera malo, chambo amachimangirira pa waipala mpaka Blantyre, ndiye zoti malo a njinga palibe asatiuze.

Mwafunsanso kuti mukadandaule kuti. Kupolisi musathamangireko pokhapokha ngati anawatukwana, kuwakankha kapena kuwatsitsa panjira. Poyambira pabwino ndi kwa tcheyamani wa komiti ya pa siteji pomwe munakwererapo. Anthu amenewa amadziwana onse, ndipo kondakitala amaopa kuletsedwa kupakira kuposa china chilichonse. Pitani ndi nambala ya galimotoyo, tsiku lake ndi ndalama yomwe munalipira. Ngati nambala simunalembe, nenani nthawi yomwe inanyamuka, aidziwa. Mukapite ndi munthu wina wamkulu, musapite nokha, ndipo mukalankhule mofatsa; cholinga n'choti mawa amayiwo akadzafika pa siteji pomwepo alandiridwe bwino, poti ulendo wa ku Namwera sautha lero.

Kenako nkhaniyi ifike kwa khansala wa dera lanu, molemba, osati pa foni pokha. Malamulo a khonsolo amayambira mu komiti, amakambidwa pa msonkhano wa khonsolo yonse, kenako amapita kwa nduna ya maboma ang'onoang'ono kuti ivomereze. Zimatenga nthawi, n'chifukwa chake kalata ya munthu mmodzi imatha kungogona mu fayilo. Ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma pano ikhoza kukulumikizani ndi magulu a anthu aulumali omwe ali pansi pa FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a aulumali m'dziko muno, ndipo dandaulo likabwera ndi gulu amalimva msanga. Zikakanika kumeneko, a Malawi Human Rights Commission amalandira madandaulo a kusalidwa, pomwe a Competition and Fair Trading Commission amaona za kubera anthu pa mitengo, kuphatikizapo ya maulendo.

Ulendo wina, gwirizanani mtengo amayi asananyamulidwe kulowa m'galimoto, ndipo mufunse mokweza, anthu ena akumva, kuti njingayi ikwera ulere kapena ayi. Akati ayi, funsani kuti tcheyamani ali kuti.