Yankho kwa achimwene a ku Cosmo City pa nkhani ya SASSA ndi ndalama za ana

Achimwene, mwafunsa ziwiri. Choyamba, alamu, omwe ndi nzika ya kuno ku South Africa, alandira uthenga wa SASSA, bungwe la boma lopereka ndalama zothandizira ovutika, woti akaonekere ku ofesi poti ndalama za ana anu awiri akuziunikanso, ndiye mukuopa kuti ntchito ya ulonda mwayamba ija iwadulitsa. Chachiwiri, ngati inu Mmalawi mungalembetse nawo R370 ija ya pamwezi, yomwe SASSA imapereka kwa osowa ntchito. Ndiyambe ndi chachiwirichi poti n'chachifupi.

R370 iwalani. Ndalama imeneyi idayamba mu Meyi 2020 nthawi ya Covid ili R350, adaikweza mu Epulo 2024. Amalandira ndi nzika, a permanent residence, othawa kwawo ovomerezeka, a mapepala a asylum, ndiponso a ziphaso zapadera zija boma lidapereka kwa anthu a ku Zimbabwe, Lesotho ndi Angola. Ife Amalawi chiphaso chotere tilibe. Ngakhale mukadakhala nacho, amafuna munthu amene ndalama zake sizipitirira R624 pamwezi, ndipo amasuzumira ku banki mwezi ndi mwezi. Mu Januwale 2025 khoti lalikulu la ku Pretoria lidagamula kuti malamulo ena a ndalama imeneyi amatsekereza osauka mosayenera, boma n'kuchita apilo, koma za inu wapantchito sizidasinthe. Aja amayenda pa WhatsApp kuti tumizani R200 tikulembetseni, ndi akuba basi.

Tsono za ana. Apa unzika wanu sulowapo, chifukwa lamulo limayang'ana amene akulera mwana ndi kulandira ndalamayo, omwe ndi alamu. Chimene chimalowapo ndi malipiro anu, ngati muli pa ukwati wovomerezeka, kaya wa ku Home Affairs kaya wamwambo wa lobola. Ndigwiritsa ziwerengero za kuyambira Epulo 2025, pamene ndalama ya mwana mmodzi idafika R560. Zimasintha chaka chilichonse koma kawerengedwe n'komweko: malire ake ndi ndalama ya mwanayo kuchulukitsa ka 10. Kholo lokhala lokha lisapitirire R5,600 pamwezi, a pabanja onse awiri pamodzi asapitirire R11,200.

Mwanena kuti inu mukulandira R7,500, alamu amagwira za m'nyumba ku Randburg masiku atatu pasabata. Ngati abwana awo amalipira malipiro otsikitsitsa a boma, omwe mu Malichi 2025 adawaika pa R28.79 pa ola, maola 8 patsiku, ndiye kuti pamwezi amapeza pafupifupi R3,000. Kuphatikiza zonse ndi R10,500. Muli pansi pa malire ndi R700. Apite mosaopa, ndalama za ana siziyenera kuduka.

Koma taonani pamene ine ndimadandaulira ndi dongosolo limeneli. Mawa abwana aja atati bwerani Lachisanu lomwe, tsiku lachinayilo libweretsa pafupifupi R1,000 pamwezi, banja lifika R11,500, ndipo R1,120 ya ana awiri ichoka yonse kamodzi. Sachotsa pang'onopang'ono ayi, ukangodumpha mzere yapita. Mayi adzuka 4 koloko masiku ena anayi pamwezi, alipira takisi ya ku Randburg kupita ndi kubwera, mapeto ake m'nyumba mulowa zochepa kuposa kale. Kwa kholo lokhala lokha n'chimodzimodzi: wogwira maola 45 pasabata pa R28.79 amapeza pafupifupi R5,600, ndiye kuti wakhala pa mzere penipeni, ovataimu ya Lamlungu limodzi yamuponya kunja. Boma lomwelo likuti awa ndiye malipiro ochepetsetsa amene munthu angalandire, lomwelonso likuti wolandira zimenezi watsala pang'ono kulemera. Sindikunena kuti alamu akane ntchito. Atawapatsa masiku awiri owonjezera atenge, R2,000 iposa R1,120. Tsiku limodzi lokha ndilo lofunika kukhala pansi ndi cholembera, mwinanso kukambirana ndi abwana kuti awonjezerepo ya takisi.

Powerengerapo musaiwale kuti chotayika si R560 yokha. Kholo lolandira ndalama ya mwana siliyenera kulipira fizi ya mwanayo pa sukulu ya boma yolipiritsa, bola lipereke umboni wa SASSA kusukuluko. Akadzafika pa koleji, NSFAS, thumba la boma lolipirira ophunzira osauka, imamuwerengera wolandira ndalama ya SASSA kuti pa nkhani ya umphawi wakwanira kale, pomwe ena amayenera kuonetsa kuti banja lawo silipitirira R350,000 pachaka. Anthu ambiri amalipira fizi mwakachetechete osadziwa zimenezi.

Chimene chasintha kwenikweni zaka zino si malire ayi, koma maso a SASSA. Kale munthu ankalembetsa mwana ali wakhanda, n'kumalandira mpaka zaka 18 popanda womufunsa. Mu 2025 adayamba kufananiza mayina ndi zimene zili ku mabanki ndi ku ma credit bureau, osunga mbiri ya ngongole za anthu, ndipo adalengeza kuti anthu pafupifupi 210,000 akuoneka kuti ali ndi ndalama zina zomwe sadaulule. Ambiri adangoona tsiku lolandira lafika, m'khadi mulibe kanthu. Kuyambira Seputembala chaka chomwecho olembetsa akujambulidwa zala kapena nkhope. Ndiye uthenga walandira alamuwo si mlandu, koma si woti n'kuunyozera.

Pali msampha wina umene umagwira mabanja athu makamaka, ndipo pagulu pano tikuudziwa tonse. Mnyamata wabwera kuchokera ku Mzimba kapena ku Mangochi, alibe akaunti, wapeza ganyu yosamalira maluwa ku Fourways, abwana akuti sindipereka ndalama pamanja. Timati gwiritsa ntchito akaunti ya alamu ako. Mwezi ukatha mukulowa R4,000 ya uyu, R3,500 ya uja, kenako ya chipereganyu cha amayi a kumpingo, kenako ya chopereka cha maliro yoti itumizidwe kumudzi pa Mukuru. Alamuwo sadyapo ngakhale R10, koma kompyuta ya SASSA sidziwa za chibale, imangoona mayi wolandira R15,000 pamwezi. Ngati akaunti ya kwanu yakhala ikuyenda chonchi, asanapite akhale pansi ndi sitetimenti, alembe pambali pa ndalama iliyonse kuti idachokera kuti ndipo idapita kwa yani, asunge malisiti a kumene adatumiza, alembetse afidaviti kupolisi, yomwe ndi yaulere. Kuyambira pano achibalewo apeze njira ina. Kukana mlamu kumawawa, koma ndalama zomwe zili pachiswe ndi za ana.

Popita anyamule ID yawo, zikalata za kubadwa za ana onse awiri, chikalata cha ukwati, masitetimenti a banki a miyezi itatu, ma payslip anu, ndi kalata ya abwana awo yonena masiku ndi malipiro. Mapepala onse akhale ndi mafotokope odindidwa. Alawirire, mizere yake imayamba kusanache, ndipo asachoke popanda lisiti yosonyeza kuti afika. Ena pano alemba kuti angonena kuti bambo wa ana adathawa. Chonde ayi. Ukwati wa ku Home Affairs umaoneka pa kompyuta, ndipo akakupeza umabweza zonse udalandira mosayenera, mwinanso kutsekuliridwa mlandu wachinyengo. Inu mulibe n'chobisa chomwe, masamu ali mbali yanu.

Akapanda kupita ndalama amaziimika, ndipo zikakhala choncho nthawi yaitali zimafa, mpaka kukalembetsanso poyambira. Akapita koma n'kuwadula, apemphe chifukwa chake cholembedwa. Ali ndi masiku 90 ochita apilo ku Independent Tribunal for Social Assistance Appeals, osalipira kanthu. A bungwe lomenyera ufulu wa anthu la Black Sash amathandiza nkhani zotere mwaulere. Nambala ya SASSA yaulere ndi 0800 60 10 11, ngakhale kuti pamafunika kuleza mtima kuti ayankhe.

Chomaliza ndi cha inuyo, poti mumafunafuna chimene Mmalawi angapeze kuno. Chimenecho ndi UIF, inshuwalansi ya boma yothandiza munthu ntchito ikatha, ndipo si chithandizo, ndi ndalama zanu zomwe. Pa R7,500 akuyenera kukudulani R75, kampani n'kuikapo R75 ina. Makampani ena a ulonda amadula pa payslip koma osapereka ku boma, munthu amadzazindikira ntchito itatha. Pitani ku Labour Centre ndi pasipoti ndi chilolezo chanu cha ntchito mukaone ngati dzina lanu lilimo, ndipo tsiku lomwe mudzachoke musatuluke pageti popanda fomu ya UI-19, imene abwana amalemba kuti mukatengere ndalamazo. Alamu nawonso abwana awo akuyenera kuwalembetsa, chifukwa aliyense wogwira za m'nyumba maola opitirira 24 pamwezi kwa bwana mmodzi amalowa mu UIF, ndipo kuchokera pa chigamulo cha Constitutional Court cha mu Novembala 2020, akavulala pantchito amayeneranso chipukuta misozi cha Compensation Fund. Masiku atatu pasabata apitirira kale maola amenewo, choncho akawafunse abwana sabata yomwe ino pokatenga kalata ya malipiro ija.