Mwaloweza Sicilian koma mukugonjabe, vuto lili pati?

Achimwene ena anditumizira imelo, akuti aloweza Sicilian, imodzi mwa ma opening (njira zoyambira gemu ya chesi) a zakuda, mpaka patali koma akumagonjabe pa Lichess, webusayiti yosewerera chesi, mnzawo akangosewera zosakhala m'buku basi mutu wabalalika. Ndiye akufunsa kuti asinthire opening iti. Funsoli landikhudza zedi chifukwa ndaona anthu okonda chesi akuisiyiratu pa chifukwa chomwechi.

Panali mnyamata wina amene tinkasewera naye, opening ya Ruy Lopez ankaidziwa ngati vesi loloweza, mbali zonse ziwiri, dzanja lake liwiro lokhalokha. Tsiku lina anakumana ndi bambo ena achikulire osadziwa dzina la opening ngakhale imodzi. Bambo aja poni pa e4 (awa ndi maina a timabokosi ta pa bolodi), iye e5, iwo kwini pa h5, iye kavalo c6, iwo bishopu c4, ndiye mnyamata uja osayang'ana n'komwe anangoika kavalo winayo pa f6 poti ndi mmene dzanja linazolowerera, kwini n'kudya poni ya f7, checkmate, ma move 4 okha. Anangoti kakasi, manja ali m'mutu. Sabata yotsatira sanabwere, ndipo zinandiwawa chifukwa mwanayo anali ndi luso.

Poni ya f7 ija imatetezedwa ndi mfumu yokha, ndipo amene wamvetsa chimenechi wapindula kuposa woloweza masamba ambirimbiri. Ine ndikunenetsa, kwa ife osewera wamba kuloweza mizere yaitali n'kutaya nthawi. Magemu athu amatha poti wina wasiya bishopu poyera osaona. Komanso ma vidiyo a pa YouTube olonjeza kupambana msanga ndi misampha aja amandinyansa, amakuphunzitsani kudikira kuti mnzanu alakwitse, akapanda kulakwitsa mwatsala ndi kwini yoyendayenda yokha, ena onse adakali kunyumba.

Kaoneni gemu ya Paul Morphy, katswiri wa chesi wa ku America, ya ku Paris mu 1858, imene anasewera m'nyumba ya opera. Ma move 17. Ankangotulutsa asilikali ake mmodzimmodzi, aliyense akutuluka ndi chiopsezo, mpaka anapereka kwini pa b8 n'kumaliza ndi ruku pa d8, adani ake bishopu ndi ruku wa mbali ya mfumu asanasunthe n'komwe.

Nanga musewere chani?

Mukakhala ndi zoyera yambani Italian: e4, kavalo f3, bishopu c4, bisani mfumu msanga. Ndi zakuda yankhani e4 ndi e5, Sicilian iyambe yadikira. Musanagwire chilichonse dzifunseni kuti mnzangayu akufuna kundidyera chani, ndipo gemu iliyonse imene mwagonja muziibwereza mupeze pamene zinakhotera. Mudzandiuze mmene zikuyendera achimwene.