Amalume, za chiboliboli cha pa chithunzi chija

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaona funso lanu pa gulupu, loti bambo aima kumbuyo kwanga pa chithunzi chija ndi ndani. Kulemba kundichedwetsa, ndiye ndangoti ndijambule mawu.

Chija ndi chiboliboli cha Rowland Hill, ndipo inuyo amene munakalambira ku positi ku Limbe muyenera kuwavulira chipewa bambo amenewa. Sitampa inayamba ndi iwowa. Kale kuno ku Britain, nthawi zambiri wolandira kalata ndiye ankalipira, mtengo wake kutengera mtunda, moti amphawi ena ankangoikana kalata ili pakhomo. Mu 1840 zinasintha, wotumiza ndiye azilipira, peni imodzi basi, kaya ikupita pafupi kaya kutali m'dziko muno. Sitampa yoyambayo ndi yakuda, ya nkhope ya Mfumukazi Victoria, amaitcha Penny Black.

Chinyumba chili kumbuyoko ndi King Edward Building, kufupi ndi tchalitchi chachikulu cha St Paul's. Anachitsegula mu 1910 ngati positi ofesi yaikulu ya London. Yakale yeniyeni inali chapomwepo, pa St Martin's le Grand, yomalizidwa mu 1829, koma anaigwetsa mu 1912. Ndiye mumve izi amalume: pansi pa nthaka pankadutsa kasitima kopanda dalaivala, konyamula matumba a makalata okhaokha, kuyambira 1927 mpaka 2003. Lero m'nyumbamo mulibe ndi envulopu yomwe ya positi, muli banki ya ku America. A Hill anangotsala okha panja, kumanyowa ndi mvula.

Koma chimene chinandikhudza ine si chinyumbacho ayi. Mukangowoloka msewu pali kamunda kamaluwa, Postman's Park. Dzinalo linabwera chifukwa antchito a positi ankakonda kudyera nkhomaliro pamenepo. Pali kakhonde kofolera bwino, pakhoma pake anamatapo matailosi olembedwa mayina. Si mayina a mafumu kapena akuluakulu a asilikali, ndi anthu wamba amene anafa akupulumutsa anzawo. Maganizowa anali a katswiri wojambula, George Frederic Watts, ndipo khomalo analitsegula mu 1900. Anasiya malo a mayina 120, koma mpaka pano alipo 54 okha. Kwinako ndi khoma lopanda kanthu.

Dzina limodzi ndinaima nalo nthawi yaitali. Alice Ayres, mtsikana amene ankalera ana a mkulu wake. Nyumba itagwira moto pa 24 Epulo 1885, anaponya matiresi pansi kudzera pa windo, kenako n'kuponyerapo ana atatu mmodzimmodzi, anthu pansi akumukuwira kuti adumphe yekha. Pamene ankati adumphe, utsi unali utamufoola kale, anagwa moipa, n'kumwalira patapita masiku awiri. Nditawerenga ndinangokumbuka ana aakazi akwathu amene amalera ana a eni m'tauni, dzina lawo osadziwika ndi aliyense.

Dzina lomaliza analimata mu 2009, la Leigh Pitt, amene anamira mu 2007 atapulumutsa mwana mu ngalande ku Thamesmead.

Loweruka ndidutsanso kumeneko, ndikajambula matailosiwo pafupi kuti muwerenge nokha. Mundiperekere moni kwa azakhali, muwauze kuti jekete anandipatsa ija ikundithandiza zedi, kuno kwayamba kuzizira.