Za ma control arm akutsogolo pa MX-5 yakale ija

Achimwene, mwati Mazda MX-5 yanu ya 1994 ikugogoda kutsogolo mukaponda bampu, matayala akudyeka m'kati, ndipo mukufuna kudziwa ngati mungasinthe nokha ma control arm (zitsulo zolumikiza tayala ku galimoto), ngati mugule arm yonse kapena mabushi okha (mphira wa pomwe arm imagwirira ku galimoto), komanso ngati mbali imodzi yokha ikukwanira. Ntchitoyi mutha kuigwira nokha bwinobwino. Koma musathamangire kugula kaye.

Kugogoda kumanamiza. Ka stabilizer link (kolumikiza arm ku stabilizer bar, chitsulo chochepetsa kupendekeka pokhota) kakatha kamalira chimodzimodzi, pomwe n'kachitsulo kakang'ono koti mukasintha mosavuta. Tie rod end (mfundo yomwe chiwongolero chimakhotetsera tayala) nayonso imagogoda, shoko yakufa chimodzimodzi. Kwezani galimoto, gwirani tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza, kenako kumanja ndi kumanzere. Likamasewera cham'mbali, kaikirani tie rod end. Likamasewera pamwamba ndi pansi, ndi ball joint (mfundo ya kumapeto kwa arm, mbali ya tayala) kapena bearing. Pa galimoto imeneyi shoko ndi sipuling'i zimatsamira pa arm yapansi, ndiye mukakweza ndi bodi tayala n'kulendewera, ball joint ikhoza kusaonetsa kusewera kwake, inu n'kumati ili bwino pomwe inatha kalekale. Ikani jeke pansi pa arm penipeni, pafupi ndi ball joint, ndipamene mudzaone zoona. Mabushi aunikeni ndi tochi, muwakankhe ndi chitsulo chotukulira. Mphira wong'aluka, wotuluka m'mbali kapena wosiyana ndi kachitsulo kapakati, ameneyo wapita. Galimoto yopitirira zaka 30 ikakhala idakali ndi mabushi a kufakitale, ndingadabwe mutawapeza amoyo.

MX-5 yoyamba, yomwe inapangidwa kuyambira 1989 mpaka 1997, ili ndi ma arm awiri mbali iliyonse, yapamwamba ndi yapansi, zomwe amati double wishbone. Ball joint yapansi imamangidwa ndi mabawuti, mutha kuigula payokha. Yapamwamba a Mazda ankaigulitsa pamodzi ndi arm yake, ndiye ikatha njira yachidule ndi kugula arm yonse yapamwamba. Arm yapansi muiyang'anitsitse. Ndi chitsulo chopindidwa n'kuwotcherera, m'kati muli mphako, ndipo dzimbiri limayambira m'menemo osaoneka kunja. Igogodeni ndi nyundo. Ikalira ngati yodzaza mchenga kapena ikamasuwa makoko, musataye nthawi ndi mabushi, itayeni. Ikakhala yolimba, mabushi okha akwanira, bola mukhale ndi puresi kapena wokukanikizirani. Zowotcha mphira wakale ndi moto zimatheka, koma utsi wake ndi woipa ndipo penti yonse imapsa.

Ena m'gulu muno akuuzani za mabushi a polyurethane. Kwa galimoto yongoyendera mumsewu, ine ndimakonda a mphira. A polyurethane amapangitsa chiwongolero kumva msanga, eya, koma amafuna girizi nthawi ndi nthawi, akauma amalira, ndipo kabampu kalikonse mumakamva m'msana.

Za mbali imodzi, ayi. Mabushi onsewo ndi a msinkhu umodzi. Mukaika atsopano kumanzere kokha, galimoto idzayamba kukhota mosiyana mbali ziwirizi, ndipo mukaponda mabuleki mwamphamvu ikhoza kukokera kumodzi. Alayimenti mudzalipiranso kawiri.

Tsopano ntchito yake. Chinthu choyamba, galimoto isanakwere pa jeke: iimikeni pamalo olunjika, mutenge tepi muyeze kuchokera pakati pa tayala kufika pamlomo wa mudguard, mbali zonse, mulembe. Nambala imeneyo mudzaifuna kumapeto. Masiku angapo ntchito isanayambe, thirani mafuta omasulira dzimbiri pa bawuti iliyonse, m'mawa ndi madzulo. Ndipo galimoto ikhale pa ma jack stand. Jeke yokha musaikhulupirire, makamaka pa ntchito iyi yomwe mudzamenya ndi kukoka mwamphamvu mutu uli pansi pa chitsulo.

Arm yapansi imagwidwa ndi mabawuti awiri okhala ndi mawashala osakhala pakati, ma eccentric. Amenewa ndiwo amaika camber ndi caster, miyeso ya momwe tayala limapendekekera. Musanawamasule, lembani mzere ndi penti kuchokera pa washala kufika pa subframe (chimango chomwe arm yamangidwapo), mujambulenso ndi foni. Sizilowa m'malo mwa alayimenti, koma zikufikitsani kumeneko matayala asakuyang'ana kwina.

Mabawuti omwewa ndiwo amasandutsa ntchito ya tsiku limodzi kukhala ya sabata. Amamatirira ku kachitsulo ka m'kati mwa bushi chifukwa cha dzimbiri. Nati imamasuka bwino, inu n'kusangalala, koma bawuti osatuluka. Mukaizunguliza ndi sipanala imapita pang'ono n'kubwerera yokha, chifukwa mukungopotokola mphira. Mukaona zimenezo dziwani kuti yagwira. Menyani pang'ono nati ili pamapeto pake kuti musaphwanye mazinga. Ikakana, musalimbane nayo mpaka kupinda makutu a subframe; lowetsani sowo yodulira chitsulo pakati pa arm ndi subframe, mudule mbali zonse ziwiri. N'chifukwa chake ndimati gulani mabawuti atsopano musanayambe, osati galimoto itakhala kale pamwamba. Poika atsopanowo apakeni girizi ya anti-seize pathupi pomwe amadutsa m'bushi, kuti wodzabwera pambuyo panu asadzalire.

Ball joint ili ndi chinsinsi chake. Chotsani ka split pin, masulani nati koma musaichotse yonse, isiyeni itagwira mazinga angapo, kuti ikadumpha zinthu zisagwe pansi. Gwiritsani ntchito chokanikizira ball joint, kapena menyani ndi nyundo m'mbali mwa knuckle (chitsulo chonyamula tayala) pomwe msomali wa ball joint walowa, osati pamutu pa msomaliwo. Imatuluka ndi phokoso ngati chasweka chinthu, musachite mantha. Chida chochotsera ball joint chooneka ngati foloko chimang'amba mphira wotchinga girizi, ndiye chigwiritseni pokhapo ngati ball joint mukuitaya. Knuckle ikamasuka imangirireni ndi waya. Isalendewere pa paipi ya mabuleki ngakhale mphindi imodzi, ndipo ngati yanu ili ndi ABS samalani kachingwe kake. Arm yapamwamba imagwidwa ndi bawuti imodzi yaitali. Ikasowa potulukira, masulani stabilizer bar ipatuke. Yambani mbali imodzi, inayo ikhale yosakhudza, kuti mukasokonezeka muzikasuzumira.

Apa ndiye pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ambiri amagwira ntchito yonse bwino n'kuiwonongera pomaliza. Bushi ya mphira siizungulira pa bawuti. Mphirayo anamatidwa ku kachitsulo ka m'kati, ndipo mukamanga bawuti kachitsuloko kamagwidwa nga, osasunthanso. Arm ikamakwera ndi kutsika, ndi mphira amene amapotoka, monga momwe mumafinyira chovala pochapa. Tsono mukamanga mabawuti galimoto ili m'mwamba, arm italendewera pansi, bushi imatenga pamenepo kukhala popumira pake. Mukatsitsa galimoto, arm imakwera, mphira n'kupotoka, n'kukhala chipotokere usana ndi usiku ngakhale galimoto itangoima. Ikaponda bampu amapotokanso kupitirira apo. Posakhalitsa ang'ambika, inu n'kumanena kuti munagula mabushi achabechabe. Chizindikiro chake mumachiona tsiku lomwelo: kutsogolo kumaima pamwamba kuposa kale.

Choncho mabawuti onse odutsa m'mphira amangeni ndi dzanja kaye, angogwira. Awa ndi awiri apansi aja, yaitali yapamwamba, ndi bawuti yapansi ya shoko. Kenako ikani jeke pansi pa arm, mukweze pang'onopang'ono mpaka pakati pa hub pafike pa nambala munalemba ija, osapitirira mpaka galimoto kunyamuka pa stand. Pamenepo ndipo mumange zenizeni. Ngati muli ndi ma ramp kapena dzenje, ndi bwino koposa: tsitsani galimoto pa matayala ake, muikankhe pansi kangapo kuti ikhazikike, mumange muli pansi pake. Manati a ball joint alibe lamulo limeneli, amangeni nthawi iliyonse, ndi split pin yatsopano. Ngati bowo silikugwirizana ndi mpata wa nati, mangani pang'ono kupita kutsogolo, osabweza. Mphamvu yomangira itengeni m'buku la galimotoyo ndipo mugwiritse torque wrench. Zoti "ndamva m'dzanja kuti yagwira" zisiyeni pa bawuti zogwira tayala.

Wina anganene kuti a alayimenti adzamasula okha ma eccentric galimoto ili pa matayala. N'zoona, apansiwo adzawagwira. Koma bawuti yaitali yapamwamba ndi ya shoko palibe adzazikhudze. Zimenezo ndi zanu.

Mukamaliza pitani ku alayimenti tsiku lomwelo kapena mawa lake, mukuyenda pang'onopang'ono. Toe, komwe matayala akuloza m'kati kapena kunja, ikasokonekera pang'ono chabe imadya tayala msanga kuposa camber. Auzeni ayeze matayala onse anayi, chifukwa MX-5 kumbuyo nakonso ili ndi ma eccentric, ndipo akupatseni pepala la manambala asanakonze ndi atakonza. Ngati mukuganiza zosinthanso mashoko kapena ma tie rod end, chitani pamodzi tsopano zonse zili chomasula. Mukayenda masiku angapo, lowaninso pansi ndi torque wrench muone ngati palibe chamasuka.

Tumizani zithunzi za arm yapansi ndi ma eccentric aja musanagule kanthu, tikuuzeni ngati pakufunika sowo.