Kuwotcha pokodza si umboni woti munayenda panja

Kalata ya sabata ino yandiutsa mkwiyo. Mayi wina wandilembera kuti pokodza pakumawotcha, akumathamangira kuchimbudzi pafupipafupi koma kungotuluka timadontho, ndipo bambo akunyumba akuti ameneyu anayenda panja. Akufunsa kuti amwe chiyani.

Achemwali, ine ndinadutsamo. Nthawi imeneyo ndinkagulitsa kaunjika, ndipo chimbudzi cha mumsika chinali cholipira, chonunkha moti umalowa utagwira mphuno. Ndiye ndinapeza nzeru yopusa: osamwa madzi tsiku lonse, mkodzo ukabwera kuumanga mpaka madzulo. Tsiku lina pokodza ndinachita kuluma chitenje. Mkodzo wake wambuu, fungo losasimbika. Manyazi atandigwira, ndinakagula makapisozi anayi kwa mnyamata wina amene ankagulitsanso machesi ndi sopo. Anayi okha! Ululu unazilala masiku awiri. Sabata yotsatira ndinali chigonere, thupi lamoto, kunjenjemera, kusanza, msana ukuwawa cha m'mbali mmunsi mwa nthiti. Apongozi anati malungo, azakhali anati mauka. Kuchipatala anayeza magazi, malungo mulibe. Atayeza mkodzo, anapeza kuti matenda achoka m'chikhodzodzo akwera ku impso.

Tsono abambo athuwa amandidabwitsa. Kachilombo kamene kamayambitsa vutoli kawirikawiri ndi E. coli, ndipo kamakhala m'matumbo mwa aliyense, mwa iwowonso. Njira ya mkodzo ya munthu wamkazi ndi yaifupi, masentimita ngati 4, ndipo yayandikana ndi kotulukira chimbudzi. Kachilomboko sikachita kukwera minibasi kuti kafike. Kamtsikana ka zaka 5 kamadwala, agogo oti ndodo ili m'manja amadwala. Amenewonso anayenda ndi ndani? Inde, chinzonono nachonso chimawotcha pokodza, koma chosiyanitsa ndi kuyezetsa, osati kukalipa. Ngati bambo akukayika, avale nsapato mupite limodzi, nawonso akayezedwe.

Mwa njira, inu a kunyanja, ku Mangochi kapena ku Nkhotakota, mukaona magazi kumapeto kokodza muganizirenso likodzo. Mankhwala ake ndi ena, praziquantel. Makapisozi a pa benchi sakhudzako.

Ndiye mumwe chiyani?

Musagule kalikonse mwachisawawa, ngakhale Bactrim amene aliyense amamudalirayu, pakuti tizilombo tambiri tinamuzolowera. Pitani akayeze mkodzo, ndipo mankhwala amene angakupatseni mumalize onse. Imwani madzi ambiri, musamange mkodzo, popukuta yambirani kutsogolo kupita kumbuyo, ndipo mukatha kukhala malo amodzi ndi bambo mukakodze. Sopo wonunkhira kumalo obisika musiyeni. Ngati muli oyembekezera, kapena thupi latentha ndipo msana wayamba kuwawa, musadikire tsiku la sikelo. Pitani lero lomwe.