Yankho kwa achimwene a ku Santhe pa za majumbo ndi mafuta

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti jumbo imachokera ku mafuta a galimoto, komanso ngati sikungakhale bwino kungoletsa pulasitiki yense. Choyambacho n'zoona. Chachiwiricho ayi, sindikugwirizana nanu.

Mafuta okumba pansi ndi gasi ndi ma hydrocarbon, zinthu za kaboni ndi haidirojeni. Akamayenga mafutawo amapatula petulo, parafini ndi dizilo, chotsalira pansi n'kukhala phula lija lili mumsewu wa M1. Gawo lina amalitenthetsa kwambiri mpaka liphwanyike kukhala ethylene, kenaka amalumikiza tinthu timeneti kukhala maunyolo ataliatali otchedwa polyethylene. Imeneyo ndiyo jumbo, machubu a mbande za mitengo, ndi pepala lakuda lija timayala pansi pa udzu pofolera nyumba. Thumba la feteleza ndi pulasitiki wina wotchedwa polypropylene, ndipo ngakhale urea ali m'katimo amapangidwa ndi gasi.

Ndiye mukati tiletse zonse, oyamba kulira ndife alimi a pa Kasungu pano. Mapaipi a m'mijigo yathu ndi a pulasitiki wolimba wotchedwa PVC, sachita dzimbiri ngati achitsulo, amakhala zaka ali pansi. Matumba a PICS amasunga chimanga anankafumbwe osalowa, popanda kuthira mankhwala. Pulasitiki wotereyu akugwira ntchito yake.

Mlandu uli ndi kajumbo kopyapyala kaja ka pa chiwaya. Munthu wagula chipisi, wadya, wataya pomwepo. Sikaola. Dzuwa limangokaphwanya tizidutswa tosakanikirana ndi dothi. Pitani mukaone munda woyandikana ndi msika, khasu likamagwa limatukula majumbo abuluu okwiririka kalekale. Mbuzi ikanunkhiza mchere imameza, n'kuyamba kuonda ikudya bwinobwino, pokaipha n'kupeza chimpukutu cha majumbo m'chifu. Otola mapulasitiki okasungunulanso nawo sakafuna, poti amagulitsa pa kilo ndipo kameneka kalibe kulemera, komanso kamakhala kakuda ndi mafuta.

N'chifukwa chake boma linaletsa mu 2015 mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 (micron ndi muyeso wa kuchindikala kwake). Opanga anathamangira kukhoti, koma mu 2019 Khoti Lalikulu la Apilo linagamula kuti chiletsocho chipitirire. Kunena mosabisa, lamulo lilipo koma pamsika timajumboto timapezekabe, ndipo ogula ndife tomwe.

China chimene chimandiwawa ndi chizolowezi choyatsira mbaula ndi jumbo. Inde imayaka msanga, ndi mafuta basi, koma utsi wakewo mayi ndi mwana kumsana ndiwo amaupuma. Choopsa kwambiri ndi kuwotcha zidutswa za mapaipi a PVC kapena kusenda mawaya a magetsi ndi moto, chifukwa muli klorini ndipo utsi wake ndi poizoni weniweni. Poyatsa makala gwiritsani ntchito zitsononkho kapena tizikuni touma. Popita kumsika tengani dengu kapena thumba lochindikala, n'kulisunga mukabwerako.